Foni ya Mwape

M'kalasi mwathu mwa unamwino, laibulale yeniyeni inali m'thumba la Mwape Kasoma. Kukoleji kunali chipinda cha mabuku ndithu, koma buku la mankhwala linali limodzi, lothothoka masamba, ndipo tinkalimbirana ngati mpando wa m'minibasi ya m'mawa. Mwape analibe nazo ntchito zimenezo. Ankakhala pansi pa windo la ofesi, pomwe intaneti ya koleji inkagwira bwino, n'kumakoka mabuku, mapepala a mayeso akale ndi mavidiyo ophunzitsa kubaya jakisoni. Nthawi yopuma ikakwana tinkamuunjirira, mafoni m'manja, iye n'kumatitumizira mmodzimmodzi osanyinyirika.

Ine ndinkadalira china. Phunziro la mankhwala ndinali nditalephera kale, ndipo akuluakulu a koleji anandiuza mosapsatira kuti ndikalepheranso ndilongedze. Chingelezi cha m'mabuku aja chinkangondizunguza mutu. Ndiye Mwape ankawerenga mutu wonse, kenako n'kudzijambula mawu akuufotokoza m'Chinyanja chathu cha ku Matero, dera lomwe tonse awiri tinkakhala.

"Iwe Tiza, mvela," ankayamba choncho. "Aka kamankhwala ni kondakita, kamachosa manzi mu thupi monga munthu wamene sanalipile. Manje ukapasa odwala mumazulo, azagona bwanji?"

Ndinkaseka ndekha m'minibasi, ndipo zinkalowa. Koma foni yanga inali yochepa malo, yodzaza kale ndi zithunzi za mwana wanga. Ndikamvera kangapo ndinkafufuta kuti zina zilowe. Tonse tinkatero. Ukafunsa mnzako chilichonse, yankho linali lomwelo: Mwape ali nazo.

Mayeso atayandikira, Mwape anagundidwa ndi galimoto akudutsa msewu pafupi ndi msika. Anamwalira asanafike kuchipatala.

Ndinamulira mnzanga, Mulungu ndi mboni. Koma nditakhala pamkeka ndi azimayi panyumba ya maliro, nyimbo zili mkati, maganizo ankathawira kufoni ija, ndipo ndinkachita manyazi. Pagulu lathu la WhatsApp anthu anayamba kusonkhanitsa zomwe anali nazo. Zinali zidutswazidutswa: uyu theka la buku, uyo pepala limodzi losaoneka bwino. Mawu a Mwape panalibe amene anawasunga. Anzanga anati ndipite ndine kukapempha foniyo, poti kunyumbako ankandidziwa.

Mayi wofedwa umamuyamba bwanji nkhani ya foni? Titaika maliro ndinawapeza amayi ake kuseri kwa nyumba, atatsamira khoma.

"Mayo," ndinatero, "mu foni ya Mwape muli..."

Iwo anandigwira dzanja, misozi ili mbwembwembwe.

"Naziba, mwana wanga. Izankala yako. Koma vinthu vonse vili na ba yama bake. Lindila siku yogaba."

Ba yama ndiwo amalume a Mwape, a Sampa, amene anabwera kuchokera ku Kitwe kudzayendetsa mwambo. Kwawoko katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale atakhala pansi n'kugawana. Ndinadikira. Ndinkatsegula buku n'kumangoyang'ana zilembo, mtima uli ku Matero.

Tsiku logawa litafika ndinalawirira. Zovala za Mwape zinali zitachapidwa, zitapindidwa bwino pamkeka pabwalo. A Sampa, bambo wamtali wolankhula mofatsa, ankanyamula chinthu chimodzichimodzi n'kutchula woti alandire. Yunifomu yake yoyera ya unamwino inapita kwa mng'ono wake, nsapato kwa msuweni wa ku Kabanana. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutchula dzina langa.

Ndinayenda chogwada mpaka pamaso pawo. Foniyo anali ataigulira chikwama chatsopano, chofiirira.

"Ba Tiza, namvela ati imwe na mwana wathu munali monga mapasa," anatero. "Tengani. Musayope, ni yoyela. Vovala tinawasha, na foni nayeve ninaipeleka kuli banyamata ba pa msika, bachosamo vonse. Munali mau yake yambili maningi. Sitingapase mwana wa bene chinthu chili na mau ya munthu wakufa, angazimuvuta kutulo."

Azimayi anavomereza ndi mitu. Wina anati a Sampa ndi munthu woganiza.

Ndinaiyatsa pomwepo. Inawala bwinobwino, n'kundifunsa chilankhulo chimene ndikufuna, ngati yangotuluka m'sitolo. Ndinafuna kukuwa. Ndinafuna kuwafunsa kuti ndani anawauza kuti ndimaopa mawu a Mwape, ine amene ndikanalolera kuti azindilankhula kutulo mpaka kukalamba. Koma ukalipira ndani? Bamboyo anayenda wapansi mpaka kumsika, nagula ndi chikwama chomwe, pofuna kunditeteza. Ankandiyang'ana mwachifundo, kudikira kuti ndilandire.

Ndinaomba m'manja, ndinathokoza monga mwa mwambo.

Foni yanga yakale inkangonjenjemera m'chitenje, anzanga akufunsa ngati zatheka. Potuluka, amayi a Mwape anandiperekeza mpaka pageti. Anandikonza kolala ya bulauzi, nandisisita patsaya.

"Manje uli na foni yabwino yobelengela," anatero. "Ukapase mayeso, mwana wanga. Upasileko na munzako Mwape."

"Inde, mayo," ndinayankha.