Thabwa la Che Useni

Bambo Grey anapepesa maliro kawiri konse, koma pamkeka osadzukapo. Ankangozunguza chipewa m'manja. Iwowa ndiwo ankayang'anira koleji yakale ya ansembe, imene chaka cha boma latsopano anayamba kuikonza kuti ikhale nyumba yosungiramo zinthu zakale.

"Pepani, mayi," anatero kwa Kulusumu, mkazi wa malemu. "Che Useni ankatisemera thabwa lam'munsi la chitseko chachikulu, m'malo mwa lija linadyedwa ndi chiswe. Kaya anamaliza?"

"Anamaliza. Lili pansi pa bedi. Zaidi, kawatengere."

Zaidi sanasunthe. Tsiku loika maliro, matabwa otchingira mtembo m'manda anaperewera limodzi, mashehe akufulumiza. Iye anathamangira m'nyumba n'kusolola thabwa la mlombwa pansi pa bedi, osalitembenuza n'komwe. Zosema za bambo ake anasiya kalekale kuziyang'ana. Zinkamuchititsa manyazi kuti Msilamu wamkulu chotere azikongoletsa khomo la ansembe. Akamupempha kuti awakweze panjinga akaone chitsekocho, chimene anachisema okha kale, nthawi zonse ankapezeka kuti ali ndi msonkhano wachipani.

"Lili kumanda, amayi," anatero chapansipansi. "Ndinalitenga ndine."

Kulusumu sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Ine ndili pa eda, masiku olira mwamuna wanga, sindingatuluke. Pita nawo bambowa. Ukayang'ane m'munsi."

Chitseko anachipeza chitatsamira khoma la njerwa zofiira. Chinali chodzaza ndi masamba a mphesa osemedwa bwino, kumunsi kwake kuli mpata wa thabwa limodzi. Bambo Grey analoza pamwamba pang'ono pa mpatawo. Pakati pa masamba panabisala tiusipa titatu.

"Ansembe anangojambula mphesa," anatero. "Tinsombati bambo anu anawonjezera okha, mozemba. Anandiuza kuti mwana akabadwa, ankabwera ndi chisemero ngati akudzakonza loko. Aka ndi ka Habiba, tiwiriti ndi ta alongo anu enawo."

"Nanga ine?"

"Inu munabadwa koleji itatsekedwa. N'chifukwa chake ntchitoyi anailandira ngakhale manja anali atayamba kunjenjemera. Ankati mwana wawo wamwamuna wadikira kausipa kake kokwanira."

Manyazi anamugwira Zaidi. Anagwada, n'kusisita tiusipa tija ndi chala, kamodzikamodzi. Kenaka analowetsa dzanja mumpata muja, osalichotsa.