Kamuvi Kanali pa Fifite

Wapolisi wina anandiimitsa nditangodutsa pageti ya sukulu, Lachiwiri m'mawa, kumbuyo kwa pikapu kuli mathireyi a mazira opita kumsika. Anandionetsa kamakina kake koyezera liwiro. Kanalemba sikisite.

"Pano ndi pa fifite, mayi."

"Ndiye fifite yomweyo ndimayenda. Maso anga anali pa kamuvi koonetsa liwiro m'galimotomu."

"Aliyense amatero."

"Bambo, munaonapo munthu wonyamula mazira akuthamanga?"

Sanaseke. Anatulutsa cholembera n'kunena kuti, "Musaname, mayi. Ndinu aakulu."

Mawu amenewo ndi amene anandifikitsa kukhoti. Akanangolemba chindapusa chake mwakachetechete, bwenzi nditalipira n'kuiwala. Koma zaka khumi ndi zisanu ndili pa chiwongolero, kuyambira pamene bambo a kunyumba anamwalira n'kundisiyira pikapu ndi khola la nkhuku, palibe anandinenapo kuti ndine wabodza. Ndinakana kusaina kuti ndalakwa. Anandipatsa tsiku lokaonekera.

Alamu anga, amene anagwirapo ntchito yonyamula mafayilo kukhoti, anangogwira chibwano.

"Alamu, kumeneko sakamva za mazira. Mawu anu ndi a kamakina, woweruza akasankha kamakina. Pezani makaniko woti akayankhule zomwe akudziwa pa galimotoyi."

Ndinayesa kuti n'zophweka. Makaniko amene amandisinthira oyilo atangomva zoti khoti, anapukuta manja n'kuyamba kudandaula za msana. Wina wa kuseri kwa depoti anavomera ndisanamalize n'kufotokoza komwe. Anati ndingomulembera zokanena, iye akazinena bwinobwino, ngakhale kulira kumene. Ndinatuluka osatsanzika.

Mapeto ake alamu ananditengera kwa mkulu wina amene anthu amangomutcha a Khutu, chifukwa amazindikira matenda a injini pongomvetsera. Galaja yawo inali shedi ya malata, masipanala atapachikidwa pa misomali motsatana misinkhu ngati ana pa mzere. Anamvetsera nkhani yonse atakhala pa chitini cha girizi, osandidula.

"Kukhoti ndipita," anatero. "Koma ndikanena zimene ndapeza, osati zimene mukufuna. Mwavomera?"

"Zimene mupeze ndi zimene ndanenazi."

"Chabwino. Lizani galimoto."

Tinapita kumsewu waukulu kumene kuli timiyala tosonyeza makilomita. A Khutu anavula wotchi yawo n'kuigwira m'manja. Anandiuza kuti ndiike kamuvi pa fifite, ndisakasunthe. Titadutsa kamwala koyamba anati, "Apa." Titadutsa kachiwiri anati, "Apa." Tinabwereza katatu, ndipo nthawi zonse ankangogwedeza mutu.

Titaima, anatsika n'kugwada pa tayala lakumbuyo, n'kufikisa zolemba za m'mbali mwake ndi chala.

"Matayala awa anakuikirani ndani?"

"Ndinagula ndekha chaka chatha. Anandiuza kuti akuluakulu ndiwo amalimba m'maenje."

"Kulimba amalimbadi. Koma kamuvi kanu kamawerenga kuzungulira kwa tayala, sikadziwa kuti mwasintha nsapato. Tayala lalikulu likazungulira kamodzi limadya mtunda wochuluka. Ndiye kamuviko nakonso kakalamba, kamadzuka mwaulesi. Pa fifite yeniyeni, kilomita imatenga mphindi imodzi ndi masekondi khumi ndi awiri. Inu mwaimaliza pa mphindi imodzi ndendende. Imeneyo ndi sikisite, mayi."

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu, pa udzu. Choyamba kubwera chinali mkwiyo: ndadzifunira ndekha mboni yodzandimiza. Kenako mkwiyo unaphwa, m'malo mwake munabwera geti ya sukulu ija. Chaka chathunthu, m'mawa uliwonse, ndinkadutsa pamenepo ana akuwoloka ndi zikwama kumsana, ine mtima uli m'malo, ndikumanyoza madalaivala a minibasi kuti alibe chisoni.

A Khutu anabwera pamene ndinakhalapo, n'kunena kuti, "Mukhoza kungokavomera mlandu, ine osapitako. Palibe angadziwe za matayala."

Ndinaganiza zimenezo masiku atatu. Alamu nawonso anati ndiyo nzeru. Koma kuvomera chabe kukanatanthauza kuti pamsewu paja ndinanama, ndipo kukana kukanakhala kunama tsopano. Ndinawaimbira a Khutu kuti akonzeke.

Anabwera atavala jekete ya manja aafupi, zikhadabo zikadali zakuda ngakhale anali atazikwecha. Chipinda cha khoti chinali chaching'ono, mabenchi anayi ndi fani yosazungulira. Atalumbira, woimira boma pa mlandu anawafunsa sukulu imene anaphunzira ntchito yawo.

"Pansi pa magalimoto, bwana. Zaka makumi anayi."

Anthu anaseka, koma woweruza, mayi wa magalasi, sanaseke. Anawapempha kuti afotokoze bwino. A Khutu anatulutsa kapepala kodetsedwa ndi zala, n'kuwerenga nambala za matayala oyenera galimotoyo, za amene ndinaikawo, ndi nthawi za maulendo atatu aja.

"Ndiye mukuti makina a apolisi analakwitsa?" anafunsa woweruza.

"Ayi, sanalakwitse."

"Ndiye mayiwa ananama?"

"Ayinso. Ananena zimene anaona. Wabodza pamenepa ndi galimoto."

Woweruza anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Mayi, mukudziwa kuti mboni yanu yatsimikiza mlandu wanu?"

"Ndikudziwa."

"Nanga mwaibweretseranji?"

"Kuti zilembedwe kuti ndinalakwa, koma sindinaname."

Analemba kwa nthawi yaitali. Kenako ananena kuti galimoto ndi udindo wa mwini wake, kudziwa kapena kusadziwa, choncho mlandu wandipeza. Chindapusa sanachichotse, koma sanawonjezere kalikonse, ndipo analamula kuti pasanathe milungu iwiri ndibweretse umboni woti kamuvi kakonzedwa.

Pakhonde ndinakumana ndi wapolisi uja atanyamula chipewa m'khwapa. Tonse tinaima, aliyense kudikira mnzake.

"Kamakina kanu kanali bwino, bambo," ndinatero.

"Nanenso pakamwa panathamanga tsiku lija, mayi. Pepani." Kenako anatembenukira kwa a Khutu n'kutsitsa mawu. "Madala, galimoto ya akazi anga nayonso ndinaiika matayala akuluakulu. Mumatsegula Loweruka?"

Ntchito yovuta inatsalira kumsika. Sabata zonse zija ndinali nditauza amayi onse a m'mabenchi kuti wapolisiyo amangofuna ya fanta, ndipo nkhaniyo inali itakoma, aliyense akuithira mchere wake. Tsopano ndinayenda benchi ndi benchi, ndikutsitsa mazira, n'kumanena kuti munthu uja ndinamunamizira. Ena anangoti "Oo," n'kuyamba kusankha mazira osweka. Mayi wina wa tomato anandikalipira kumene.

"Inu, mwaionongeranji nkhani? Yoyamba ija ndiye inali bwino."

Ndinamupatsa thireyi yake, n'kupita pa benchi yotsatira kukayambiranso.