Lamba Wosachapa

Ine ntchito yanga ndi yochapa zovala za anthu, ndiye pa nkhani ya litsiro musandiphunzitse. Ndachapapo mashiti a m'mahotela, matewera, maovolosi a amakaniko. Koma chinthu chonyansa ngati lamba wa ku jimu ya amuna anga sindinachionepo.

Jimuyo ndi galaja yakale kuseri kwa malo okonzera magalimoto. Ilibe windo. Zitsulo zake ndi magiya ndi mawilo otha ntchito, ndipo pansi pamamata nsapato ngati pathiridwa guluu. Pamsomali wa pakhoma amakolekapo lamba wachikopa, mmodzi yekhayo, amene aliyense amamanga m'chiuno akafuna kunyamula cholemera. Lambayo sachapidwa. Kochi wawo, bambo wa khosi lalikulu kuposa mutu, amati thukuta la amene ananyamula kale ndi limene limapatsa nyonga, ndiye ukachapa wataya nyonga. Anthu a ndevu zawo kumakhulupirira zoterezi!

Amuna anga kumeneko ankawatchula kuti Thirakitala, ndipo dzinali ankalikonda kuposa limene anawapatsa mayi awo. Tsiku limene anavulala msana akunyamula chitsulo chachikulu, anzawo aja anawabweretsa pagalimoto, kuwatula pakhomo ngati thumba la simenti, basi ulendo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabweranso kudzawazonda.

Miyezi yotsatirayo sindifuna kuikumbuka, koma mphuno siiwala. Munthu wamkulu osatha kutembenuka yekha pabedi. Ndinkachoka kochapa zonyansa za anthu n'kufikira kutaya ndowa ya amuna anga. Kuwapukuta, kuwatembenuza, kusintha zofunda zonyowa, kutsegula mawindo onse koma fungo osachoka. Minofu ija ankaionetsa pagalasi inasungunuka yonse, kunatsala khungu lolendewera. Ndinkanyansidwa, sindibisa, ndipo masiku ena chakudya chinkandikanika kumeza.

Amene anawadzutsa ndi mayi wina wa kuchipatala, wophunzitsa ovulala kuyendanso. Sanawapatse chitsulo chilichonse. Anawagoneka chagada pakamatiresi, mawondo atapinda, n'kuwauza kuti akweze chiuno pang'onopang'ono, apume, kenako atsitse.

"Awatu ndi masewera a amayi oyembekezera," amuna anga anatero, nkhope itakwinyika.

"Eya, ndipo iwowo amabereka n'kudzuka," mayiyo anayankha. "Kwezani, bambo."

Anakweza. Thukuta linatuluka ngati anyamula injini. Anapitiriza choncho m'mawa uliwonse, mpaka anayamba kuyenda ndi ndodo, kenako ndodo anaisiya. Tsiku limene anamanga okha zingwe za nsapato anandiitana kuchokera kukhitchini kuti ndidzaone. Koma mayi uja ananena mosapsatira, ine ndili pomwepo, kuti akadzanyamulanso chitsulo cholemera chija mwina sadzadzukanso.

Ndiye tsiku lina ndikuanula zovala, ndinangoona khosi lija likulowa pageti.

"Alamu, Thirakitala alipo?" anatero Kochi.

"Muno mulibe thirakitala. Muli munthu amene simunabwere kudzamuona ali gone."

"Aaa, alamu, ife odwala sitiwazonda. Zimagwetsa ulesi anyamata. Tamva kuti achira, ndiye Loweruka abwere adzabwezere chitsulo."

Kubwezera chitsulo ndi lamulo lawo lina. Wovulala akachira amayenera kunyamula chitsulo chomwecho chimene chinamugwetsa, onse akuona. Akakana amamulanda dzina n'kulipereka kwa wina.

Kochi atachoka ndinalowa m'nyumba mtima ukuwira. Amuna anga anali atamva zonse, atakhala pampando akuyang'ana manja awo.

"Mverani, bambo," ndinatero. "Mukakachigwira chitsulo chija, mufuniretu wina wodzakutayirani ndowa. Ine ndidzalongedza n'kupita kwa achemwali anga. Sindikuseka."

Loweruka m'mawa anavala kabudula wawo wakale, amene tsopano ankangokhwepa, n'kutuluka.

Kuntchito sindinakhazikike. Ndinasiya makina akuzungulira, n'kuthamangira kumeneko epuloni yoyera ili m'thupi. Ndisanafike n'komwe pakhomo, fungo linandichingamira: thukuta lakale, masokosi, oyilo wa galimoto, ndi kena kake kowola. Mkatimo amuna osavala malaya anali atazungulira chitsulo chija, akuomba m'manja ndi kukuwa kuti, "Thirakitala! Thirakitala!" Wina analavula pansi n'kupukuta ndi phazi.

Amuna anga anali pakati, maso ali gwa pachitsulocho. Ndinaona kuti akuchifuna. Zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri, chifukwa miyezi yonse ija ndinkayesa kuti nzeru zalowa.

Kochi anachotsa lamba pamsomali n'kuwapatsa ndi manja awiri. Lambayo anali wakuda bii, wouma gwa, wa mizere yoyera ya mchere, ndipo m'makwinya mwake munamera nkhungu. Amuna anga anamulandira n'kumukweza kuti amukulunge m'chiuno. Pamenepo lambayo anadutsa pafupi ndi nkhope yawo. Mphuno yawo tsopano inali itazolowera sopo ndi mphepo ya pawindo. Ndinaona milomo yawo ikufinyana. Anamutalikitsa lambayo n'kumuyang'ana ngati akumuona koyamba.

"Kodi nthawi yonseyi amanunkha chonchi?" anafunsa.

"Ndiye nyongayo imeneyo, mwana wa mayi anga," anatero Kochi. "Manga, tisataye nthawi."

"Ndipo ine ndinkamumanga pakhungu?"

"Tonse timamanga. Watani kodi?"

Amuna anga anayang'ana lambayo, anayang'ana chitsulo, kenako nkhope za anzawo aja mmodzimmodzi. Anayenda n'kukamukoleka pamsomali, akupukuta zala pakabudula.

"Dzinalo mum'patse wina," anatero. "Koma ine ndabwera kudzachita masewera, ndiye ndichita anga."

Anagwira benchi, n'kugwada bondo limodzi, kenako linalo, msana uli chilili. Anthu aja atazindikira kuti akufuna kugona pansi anaphulika kuseka.

"Mubweretsereni pilo agogowa!" wina anakuwa.

"Thirakitala yasanduka wilibala!"

Koma amuna anga sanaleke. Anakhala pansi, anapinda mawondo, n'kuyamba kutsitsa mutu. Pamene mutuwo unkapita ndi pomwe paja wina analavulira.

Sindikudziwa kuti ndinadutsa bwanji pakati pa mimba zonyowa zija. Ndinavula epuloni yanga yoyera, imene ndinasita m'mawa womwewo, ndinaipinda n'kuiyala pansi ponyansapo mutu wawo usanafike. Anandiyang'ana modabwa, poti sankadziwa kuti ndawalondola.

"Chitani msanga tizipita kwathu," ndinatero. "Muno ndisanza."

"Msanga ayi, mayi," iwo anatero, akukweza chiuno. "Izi zimafuna pang'onopang'ono."

Ndinaima pambali pawo nditatsina mphuno, anthu aja akusekabe, ndipo ndinadikira mpaka anamaliza.