Anakumba Chifukwa cha Chipembere

Mwini mgodi wa mchenga ndiye anasiya Fosholo pansi pa dothi, ndipo ananama kuti pamalopo sipangakumbike.

Tsiku limene khoma la mgodi linagumuka, Make Mapasa anathamanga wopanda nsapato, thovu la sopo likadali m'manja. Anapeza anzake a mwamuna wake akupalasa mchenga ndi zala. Mwamunayo ankamutchula Fosholo chifukwa sankasiyana nayo, ndipo tsikulo inakwiririka naye limodzi. Mwini mgodi anafika, anayang'ana khoma, n'kulamula kuti onse atuluke.

"Mayi, apa tikangokhudza pagumukanso. Mukufuna ndiphetse ena?"

"Nanga mwamuna wanga?"

"Ali pansi kwambiri. Wapita kale ameneyo."

Anazunguliza waya. Make Mapasa anamukhulupirira, ndipo chimenechi ndicho chimamudya mpaka lero. Analira maliro opanda mtembo, ana akufunsa kuti bokosi la adadi lili kuti.

Chaka chotsatira mvula inakokolola khoma lomwelo. Tsiku lina mlamu wake analowa m'nyumba osagogoda n'komwe.

"Alamu, siyani mbalezo! Akukumba!"

"Akukumba ndani?"

"Akuti chipembere."

"Mwamwa m'mawa uno eti?"

"Ndikulumbira! Chakalekale, chinafa anthu kusanakhale. Mtundu wake unatheratu, mafupa anasanduka miyala."

Atafika pawaya paja, Make Mapasa anasuzumira m'kati. Khoma lija analichirikiza ndi matabwa ndi zitsulo. Makina anali atachotsa kale mchenga wa pamwamba pa chinyamacho. Pansi, anthu ophunzira anagwada mozungulira chibade chachikulu ngati beseni losambira, akuchipukuta ndi timaburashi ngati totsukira mano. Anachimangira ndi tenti yomwe, kuopa dzuwa. Mwini mgodi anaima pambali atavala jekete, akumwetulira wojambula zithunzi.

"Bwana! Si paja munkati apa pagumuka?"

"Izi ndi nkhani za dziko lonse, mayi. Simungazimvetse."

"Ndamvetsa. Chinyamacho chili ndi abale. Mwamuna wanga ndiye anali galu."

Amene ankatsogolera ntchitoyo, mayi wina dokotala wofufuza mafupa akalekale, anaimirira fumbi lili m'mawondo. "Mwamuna wanu ali kuti, amayi?"

"Mwamuponda."

Dokotalayo anayang'ana mapazi ake, kenako mwini mgodi. Palibe anali atamuuza. Tsiku lomwelo anafunditsa chipembere chija nsalu, n'kuuza anthu ake kuti asunthire pamene Make Mapasa ankaloza.

Sanavutike. Dzuwa lisanapendeke, fosholo inaonekera. Kenako jombo yomangidwa ndi waya, yomwe Make Mapasa ankamunena nayo tsiku ndi tsiku kuti ataye. Dzenjelo silinafike n'komwe m'chiuno mwa wokumbayo. Make Mapasa anayang'ana kuya kwake, anayang'ana manja ake. Pamenepa? Pongofika apa? Zala za anzake a Fosholo zija zikanamupeza.

Dokotala anagwada, akupukuta mafupa a Fosholo ndi kaburashi komwe kaja. Kenako anasiya. Dzanja la Fosholo linali litaloza kumwamba, chigwiriro chothyoka cha fosholo chili m'zala.

"Anali moyo?" anafunsa Make Mapasa.

Dokotala anayamba kusasa fumbi pakaburashi kake.

"Ndafunsa, adokotala. Musandinamize ngati uyo."

"Zikuoneka kuti anayesa kudzikumbira yekha, amayi. Kwa kanthawi."

Make Mapasa sanalire. Atacheuka, mwini mgodi anali atalowa kale m'galimoto.

Fosholo anamuika m'manda ngati munthu. Chipembere anachitengera kunyumba yosungirako zinthu zakale, m'kati mwa magalasi, magetsi akuchiwalira. Make Mapasa anapitako atasunga malovu m'kamwa kuti akachilavulire. Anaima pamaso pa chibadecho, mapasa atamugwira uku ndi uku. Pachikwangwani analemba zimene chinkadya, kutalika kwake, ndi dzina la mwini mgodi amene "anathandiza kwambiri". Malovu aja anawameza. Pa onse a pamgodi paja, chinyama chakufachi chokha ndicho chinaitanira mwamuna wake anthu.

"Amama, mukuti chiyani?"

"Ndikuti zikomo. Tiyeni."

Tsono inu mukuwerenganu, musangopukusa mutu n'kutembenuza tsamba. Matabwa analipo, makina analipo, manja analipo. Pakanapanda chipembere, akanakumba ndani? Muyankheni mayiyu.