Nsomba Zimene Zinachedwa ku Doko

Moni owelenga. Tiyamike Mulungu amene anatisunga m'zaka za mlili wa kolona.

Jennipher Daka, amake Ivan, amakazinga nsomba za m'nyanja pa sitesheni ya mabasi ku Nyimba. Chaka china cha mliliwo anatha milungu isanu wopanda katundu. Mlamu wake Titus, woyendetsa lole, atabwelako ku doko anafotokoza kuti anchito ambili kumeneko anali kudwala, ena atatsekeledwa m'nyumba. Makontena anaunjikana mpaka malo olumikizila magetsi ozizilitsa katundu anatha, ndipo la nsomba linakhala padzuwa masiku anayi.

Titus anamubweletsela makatoni atatu amene mwini katundu anakana. Jennipher atatsegula limodzi, anadzigwila mphuno. Nsomba zinali zotelela, mimba zitaphulika, madzi obiliwila akudontha.

"Alamu, izi n'za kudzala," anatelo.

"Tsukani ndi mandimu, mchele uchuluke," anayankha Titus. "Odya ndi apaulendo. M'mimba mukakawapota ku Katete, adzakudziwani ndani?"

Jennipher anatsuka, nakazinga. Koma mabasi anali ochepa masiku amenewo, ndiye ogula anali a pomwepo. Mmodzi anali Tisunge, mnzake wa m'kwaya, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwili. Kutacha, Tisunge anali m'chipatala, akusanza. Anagona pansi ndi dilipi chifukwa mabedi onse anali ndi odwala kolona.

Amai Njobvu, oyang'anila zaumoyo pamsika, anapeza katoni yotsala itadzala ntchentche. Anati kuchedwa kwa doko si tchimo la munthu, koma nsomba ikangosungunuka n'kuwola, mafuta otentha sachotsa poizoni wake. Anatseka malo a Jennipher, namuuza akwilile nsombazo iwo akuona.

Madzulo Jennipher anapita kukazonda mnzake. Anamwino anali atanena kuti mwana wa m'mimba wapulumuka. Tisunge atamuona, anamufunsa.

"Amake Ivan, nsomba zija munalawako inu?"

Jennipher anavomela kuti sanalaweko.

Phunzilo: Mlili ukachedwetsa katundu ku doko, chakudya chimene chaonongeka panjila chitayidwe. Chimene simungaike pakamwa panu, musachiike m'mbale ya mnzanu, kaya ndi mlendo kaya ndi wa kwanu, pakuti onse anawaumba Mlengi mmodzi.

Ambuye akudalitseni, asunge nyumba zanu, ayeletse manja anu pa nchito imene mumagwila.