Mphini za Amayi

Sabata imene foni ya Velta 12 inafika mu Ibadan, fumbi lochokera kuchipululu linali litaphimba mzinda wonse, moti madenga adzimbiri ankaoneka ngati akuyandama mu utsi. Ine ndinkagwira ntchito pa wailesi ina yaing'ono ku Dugbe. Digiri yanga inali ya mbiri yakale, koma ntchito yanga inali kuyankha mafoni a omvera ndi kuwapempha kuti achepetse mawu a wailesi yawo.

M'mawa uliwonse nkhani inali imodzimodzi.

"Mwana wanga, ndilumikize ndilankhule," anatero bambo wina wa ku Bodija. "Atenga foni ya chaka chatha, aisambitsa, aidzoza mafuta, basi abweretsa. Akutiyesa ana?"

"Ndiye simugula, bambo?"

"Ndagula kale. N'chifukwa chake ndikudziwa."

Nyuzipepala zinalembanso zomwezo. Pa kanema, akatswiri anaika mafoni awiriwo patebulo, n'kumawatembenuza ngati tomato wapamsika, mpaka anagwirizana kuti palibe chimene chasintha kupatula mtengo.

Mchimwene wanga Gbolahan anainyoza kwambiri, kenako anagula yake. Ndi imeneyo imene anajambulira Amayi.

Mwezi womwewo Amayi ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo nkhope yawo inayenera kusindikizidwa pa chinsalu cha pakhomo la holo, pa mbale ndi pa makapu opatsa alendo. Zinthu zoterezi sizitayidwa. Kwathu timamwerabe tiyi m'kapu ya malemu amalume, ndipo ana amawadziwa ndi nkhope ya pakapupo. Nkhope imene ikanakhala pa mbale za Amayi ndi imene adzukulu akanadzaidziwa.

Amayi, a Apinke, amagulitsa nsalu ku msika wa Gbagi. Ali ndi mphini zitatu zopingasa tsaya lililonse, zimene anatemedwa ali khanda kwawo ku Oyo. Tsiku lojambulalo anamanga duku lagolide n'kukhala pakhonde, Gbolahan n'kujambula. Tonse tinaweramira pa foniyo. Pachithunzi panali mayi wa masaya osalala ngati dzira. Foniyo inayesa kuti mphinizo ndi zipsera, ndipo inazifufuta yokha osafunsa munthu.

"Ndiye chimene chasintha n'chimenechi," anatero Gbolahan. "Dikirani ndifufuze pozimitsira."

"Isiye choncho," anatero Amayi. "Bweretsa kuno."

Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti akalipe, koma anangomwetulira chapansipansi.

"Keji, taona," anandiuza. "Uyu akanakhala namwino."

"Ndinu nomwe, Amayi."

"Ayi. Uyu sanasekedwepo ku Lagos. Palibe amene anamufunsa ngati anamenyana ndi mphaka."

Anauza Gbolahan kuti awatumizire chithunzicho. Kuyambira pamenepo, ndikaweruka n'kudutsira ku shopu kwawo, ndinkawapeza atakhala pakati pa milu ya nsalu, akuyang'ana mayi wa pachithunziyo. Dzuwa linkalowa pa mpata wa malata, fumbi likuyenda pang'onopang'ono m'kuwalako, ogula akugwiragwira nsalu popanda wowakakamiza. Amayi ankandisimbira za mayi uja ngati mnzawo amene anasamukira kutali. Amakhala m'nyumba yosanjikizana. Amayendetsa yekha galimoto. Anakwatiwa mochedwa, atasankha bwino.

"Ana ali nawo angati?" ndinafunsa.

"Mmodzi. Wofatsa, wosafunsa mafunso."

Ndinaseka, koma pokwera takisi ndinayamba kumuona nanenso, atavala nsapato zoyera, akuyenda mwakachetechete m'khonde lalitali la chipatala, mazenera onse ali otsegula. Sankandidziwa. Ndinkamuda pang'ono.

"Pa mbale paikidwe ameneyu," anatero Amayi madzulo ena tikudya amala, nsima yathu ya ufa wa chilazi.

Gbolahan anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana m'mbale mwanga. Nkhope ndi yawo, ndipo ine sindinayendepo nayo mumsewu. M'mawa mwake omvera anaimbanso kuti foni yatsopanoyi ilibe chachilendo, ndipo ndinawalumikiza mmodzimmodzi.

Loweruka ndinawaperekeza ku Mokola kwa a Lasisi, amene amasindikiza za maphwando ndi za maliro kuyambira kale. M'shopu mwawo munkanunkha inki, ndipo m'makoma monse munali nkhope za anthu ovala bwino. Anatsegula chithunzicho pa kompyuta, anayang'ana Amayi, anayang'ananso chithunzicho.

"Velta 12 iyi," anatero. "Musadandaule, Mama, mwabwera ambiri sabata ino. Ndikukonzerani pompano."

Amayi asanatsegule pakamwa, a Lasisi anali atalemba kale mizere itatu yoimirira pa tsaya lililonse la namwino uja.

"Taonani. Mwabwerera."

Amayi anaimirira. Anabwera kudzasindikiza masaya osalala, koma zimenezo anaziiwala.

"A Lasisi, mwandipatsa bambo wina? Zoimirirazi n'za kwa ndani?"

"Mphini ndi mphini, Mama."

"Kwanuko mwina. Ine ndine wa ku Oyo. Mwandiyang'ana kumaso kapena mumayang'ana chikwama?"

"Pepani, pepani. Zogona, eti?"

Anafufuta n'kulemba zopingasa. Amayi anati zafupika. Anazitalikitsa, Amayi anati zaonda ngati zolemba ndi pensulo. Anazinenepetsa.

"Yapakatiyo, ya kumanzere, imapindika kumapeto," anatero Amayi. "Akuti ndinayetsemula mpeni uli patsaya. Azakhali anga anandiseka nazo mpaka kumwalira kwawo."

Analankhula chala chili pa tsaya lawo, chikuyenda mumzeremo popanda kuphonya, opanda galasi. Nkhani ya kuyetsemulayo ndinali ndisanaimvepo. A Lasisi anapinda mzere uja, ukuoneka ngati mbedza. Anauwongola, ukuoneka ngati waya.

"Mama, ine ndimasindikiza," anatero atatopa. "Kutema mphini si ntchito yanga."

Amayi anayang'anitsitsa nkhope ya pa kompyutayo, imene tsopano sinali yawo ndipo sinali ya namwino. Makina osindikizira ankagunda kuseri ngati munthu akusinja kutali.

"Muli ndi foni yakale?" anafunsa.

A Lasisi anatulutsa yawo m'thumba, yosweka galasi pakona, yomangidwa ndi mphira. Amayi anakoka mpando wapulasitiki n'kukhala pafupi ndi khomo, pamene panali kuwala. Duku lagolide linali kunyumba. Anangokonza la kumsika limene anavala.

"Keji, jambula ndiwe. Yandikira, sindiluma."

Ndinayandikira mpaka nkhope yawo inadzaza galasi lonse. Ndinajambula. Chithunzicho chinatuluka chamdima, ndipo kumbuyo kwawo kunkaoneka mulu wa mapepala, koma mizere yonse inalipo, ndi wopindika uja.

"Si chokongola kwenikweni," anatero a Lasisi.

"Muike chimenechi pa mbale," anatero Amayi. "Pa makapu ndi pa chinsalu pomwe."

"Nanga winayu? Ndifufute?"

Amayi anatembenukira ku kompyuta. Anayang'ana kwa kanthawi, mutu uli chopendekera.

"Muchotse zimene mwamulembazo. Musindikize kamodzi kokha, kakang'ono."

Kachithunziko kanatuluka kali kofunda. Anakagwira m'mphepete, anakauzira mpweya kuti kaume, kenako anakalowetsa m'kati mwa chikwama, m'thumba la zipi. Panja fumbi linali litatsika kwambiri, moti magalimoto ankayenda atayatsa nyali masana.

"Kuphwando mubwera naye?" ndinafunsa.

"Ayi," anatero Amayi, akukweza dzanja kuimitsa takisi. "Sanazolowere phokoso lathu."