A Makutu ndi Makosi a Alendo

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, aliyense wofuna kuona mbalame za m'phiri ankatumizidwa kwa a Makutu. Dzinalo silinabwere chifukwa cha kukula kwa makutuwo ayi, ngakhale kuti nawonso sanali ochepa. Bambowa ankaima pageti la hotela dzuwa lisanatuluke, n'kutchula mbalame zisanu ndi ziwiri asanaone ngakhale nthenga imodzi. Ndiye tangoganizani manyazi ake, munthu wotereyu makutu atayamba kumuthawa.

Zinabwera mwakachetechete, pajatu chakudza sichiimba ng'oma. Poyamba anadabwa kuti nyenje zasiya kulira chaka chimenecho. Kenako ketulo ya likhweru ya kunyumba inayamba kuwira osaimba, mpaka akazi awo ankathamanga kuchokera kochapa kudzaiphula, iwo ali phee pampando pomwepo. Zolira mokweza zinatsala. Njiwa ankaimva, khwangwala ankamumva, agalu a kwa aneba ankawamva mopitirira muyeso. Koma tonse tolira mopyapyala tinapita, ndipo palibe mlendo amene amadzuka m'mamawa kuti adzaone khwangwala.

Akazi awo anawauza kangapo kuti apite kuchipatala, ndiponso akauze abwana zoona. A Makutu anakana kwamtuwagalu. M'malo mwake anapeza nzeru: anasiya kutsogolera gulu, n'kuyamba kuyenda kumbuyo kwake akuwerenga makosi a alendo. Munthu akamva mbalame, mutu umatembenuka wokha mwini wake asanaganize. A Makutu ankangoponya maso kumene kwaloza khosi, ndipo popeza ankadziwa mtengo uliwonse ndi mbalame imene imaukonda, ankatchula dzina mlendo asanatsegule pakamwa.

Nzeruyi inawasunga miyezi isanu ndi itatu. Kenako alendo awiri analemba m'buku la ndemanga kuti wowalondolera anadutsa mbalame zikuimba pamutu pake penipeni. Abwana atsopano a hotelayo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo wachiwiri, anawerenga zimenezo, ndipo Lachisanu ananena kuti mawa lake apita nawo akadzionere okha. Sanaonjezere china. Koma a Makutu ankadziwa kuti ulendo wam'mawa ukachoka m'manja mwawo, chowatsalira ndi kunyamula zikwama pageti, achinyamata amene iwo anawaphunzitsa ntchito akuwadutsa ndi alendo.

Tsoka silinunkha. Loweruka limenelo alendo analipo awiri okha, makosi awiri basi. Woyamba anali bambo wina wamimba, wa kamera yokhala ndi chimphuno chotalika ngati mkono, amene a Makutu anamutcha mumtima a Mzinga. Wachiwiri anali mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, woyenda ndi ndodo, khosi lonse atalikulunga ndi mpango waubweya. Abwana anali ndi kabuku ndi cholembera, ndipo khosi lawo linali ndi ntchito imodzi yokha, yoyang'ana a Makutu.

A Mzinga ananeneratu ali pageti kuti abwerera mbalame imodzi: kambalame ka pakhosi pofiira kamene chithunzi chake chinapachikidwa polandirira alendo. Kameneko kamakhala pansi pa zitsamba za kumtsinje ndipo sikadzionetsa wamba. Kamapezeka ndi khutu, ndipo kulira kwake n'kopyapyala ngati ulusi. A Makutu anali atatha chaka ndi theka asanakamve.

Ananyamuka nkhungu ili gwaa, udzu uli ndi mame. Asanafike n'komwe pa thanki ya madzi, a Makutu anali ataona kuti khosi la a Mzinga ndi lopanda ntchito. Linali lowerama nthawi yonse, mwina pa kagalasi ka kamera, mwina pa foni. Ndipo bambowa anali ndi pakamwa. Anafotokoza za mayiko onse kumene anajambulako mbalame, ndipo kumva kwake, mbalame za kumeneko zimasunga nthawi ndipo zimadziwa mbali yoyenera kuima. Jekete lawo linali la pulasitiki, lolira kuti ngakhale a Makutu ankalimva. Nkhwali ziwiri zitabuka pafupi ndi mapazi awo, anakalipa kuti bwanji sanachenjezedwe.

A Makutu anawauza mwaulemu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. A Mzinga anayankha kuti iwo sanabwerere nkhono.

Pa thanki pali chitsa chimene pumbwa amakhalapo m'mawa uliwonse, mvula kaya dzuwa. A Makutu anaganiza zoyambira pamenepo kuti abwana aone kuti ntchito akuidziwa. Anakweza chala, napendeketsa mutu monga ankachitira kale, n'kufunsa gulu ngati likumumva pumbwa ameneyo. Onse anatchera khutu. Abwana anayang'ana chitsa, chitsa chili chokha, kenako anayang'ana a Makutu n'kulemba kena kake m'kabuku. Pumbwa wa zaka zonsezi anasankha tsiku limeneli kuti akayende.

Apa a Mzinga anatulutsa foni n'kuikweza m'mwamba. Inali ndi pulogalamu yomvetsera mbalame n'kulemba mayina. Mayina anayamba kutuluka, limodzi, awiri, mpaka anayi, ndipo la pumbwa panalibe.

"Zinayi izi zikulira pompano," anatero a Mzinga. "Inu mwamvapo iti?"

A Makutu anayankha kuti mafoni amanama, amamva chule n'kumutcha mbalame. Koma mumtima munali moto. Anakwiyira foniyo, anakwiyira pumbwa, anakwiyira nkhungu, ndipo koposa zonse anakwiyira zinthu ziwiri zimene zinali m'mbali mwa mutu wawo, zongokoleka chipewa basi. Nkhalango yonse inali kuyankhula, iwo ali ngati munthu woonera wailesi ya kanema yozimitsidwa mawu.

Aphunzitsi aja ankayenda pang'onopang'ono ndipo sankayankhula. Atafika pa kamlatho ka matabwa anaima, namasula mpango uja, n'kuupinda n'kuuika m'chikwama. A Makutu anadabwa, chifukwa kunkazizira moti zala zinkakana kugwira magalasi oonera patali. Kenako mayiwo anatembenuza mutu kudzanja lamanja, pang'onopang'ono, n'kuusiya pomwepo. A Makutu anaponya maso. Timba anali pa bango, akugwedeza mchira. Anamutchula msanga, a Mzinga anajambula, abwana analemba.

Patsogolo pang'ono khosi lija linatembenukanso, ulendo uno m'mwamba, ndipo kunalidi tiwiri tina tikudya maluwa. Kachitatu mpamene a Makutu anazindikira. Palibe munthu amene amatembenuka choncho mwachibadwa. Mayiwo ankaima kaye, n'kuonetsetsa kuti a Makutu ali kumbuyo kwawo, kenako n'kuloza ndi chibwano. Anavula mpango pa chisanu chimenechi kuti khosi lioneke bwino.

Akanayenera kuthokoza, koma chimene anamva ndi manyazi osakanikirana ndi mkwiyo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zitatu, wa zidzukulu, kumauzidwa mayankho ngati mwana wobera mayeso! Komabe anawalandira mayankhowo, lililonse, osasiyako ndi limodzi lomwe.

Anafika kumtsinje dzuwa litayamba kung'amba nkhungu. A Makutu analunjika pa chitsamba chimene kambalame kaja kankakonda chaka chatha, ndipo anatsala pang'ono kuimitsa gulu pamenepo. Koma aphunzitsi anali ataima kale kumbuyo, mutu utapendekera kumanzere, pansi, kumene kunagwa mtengo wina nthawi ya mvula. Kumeneko a Makutu sakanayang'anako n'komwe. Anabwerera mwakachetechete ngati kuti ndi mmene anakonzera, nakweza dzanja, n'kuloza pansi pa mtengowo. Anagwira a Mzinga pa jekete kuti lisalire.

Anadikira. Masamba anagwedezeka, ndipo kambalame kanatulukira pa nthambi youma, pakhosi pali psuu. Kamera inayamba ntchito yake. A Makutu anakweza magalasi. Anakaona bwinobwino ngati kali m'manja: kanaweramutsa mutu, kanatsegula kamlomo, nthenga za pakhosi zinayamba kunjenjemera. Kanaimba nthawi yaitali. Abwana anasiya kulemba n'kutsinzina. Aphunzitsi ankamwetulira. Ngakhale a Mzinga anatseka pakamwa kwa nthawi yoyamba chidzukireni. Anthu analipo anayi, omva atatu. A Makutu ankangoona kamlomo kakutseguka ndi kutsekeka, ndipo zinawapweteka kuposa mmene ankaganizira kuti zingawapweteke.

Pobwerera a Mzinga anadandaula kuti kuwala kunali kochepa, koma anaonetsa zithunzizo kwa mlonda, kwa wosesa ndi kwa woyendetsa galimoto ya mkaka. Pageti abwana anatseka kabuku kawo, n'kunena mokweza, anthu akumva, kuti buku la ndemanga nthawi zina limanama, ndipo ulendo wam'mawa ndi wa a Makutu monga kale. Atatero analowa mu ofesi.

Aphunzitsi anatsalira akukulunganso mpango. Anabwera kudzaima kutsogolo kwa a Makutu, maso ndi maso, nayankhula pang'onopang'ono, milomo ikuoneka bwino, ngati munthu woizolowera ntchitoyi.

"Malemu amuna anga anayenda kumbuyo kwanga zaka zitatu asanavomere kuti sakumva," anatero. "Ine basi yanga ikunyamuka masana ano, bambo. Mawa mudzawerenga khosi la ndani?"

Sanadikire yankho. A Makutu anaima pageti mpaka ndodo ija inalowa m'chipinda chodyera. Ntchito anali ataipulumutsa, koma sanamve kukoma kulikonse. Anaganiza za mawa, za mkuja, za gulu lililonse limene adzalizembere kumbuyo ngati mbala, ndipo anatopa asanayambe n'komwe.

Anagogoda pa ofesi. Abwana anali pa kompyuta, atafulatira chitseko. A Makutu anavula chipewa, navula magalasi oonera patali pakhosi, n'kuwaika pa tebulo pafupi ndi kabuku kaja.

"Abwana, kambalame kaja sindinakamve. Ngakhale timba uja. Patha chaka ndi theka ndisakumva."

Abwana anasiya kutaipa. Ananena kena kake motsitsa, maso ali pa kompyuta. A Makutu anaona phewa likuyenda ndi chibwano chikugwedezeka, koma mawu sanafike. Kwa miyezi yonseyi, zikatere ankangogwedeza mutu n'kuti chabwino. Tsikuli anazungulira tebulo, nadzaima pamene abwana angawaone.

"Mwati bwanji? Tayang'anani kuno, mwanangu, ndione pakamwa."